ZA M'MAIKO AKUTALI: Ana a ku Mexico Aonetsa Akufa Ao pa Nsalu Yoyera

Pa 1 ndi pa 2 Novembala caka ciri conse, mabanja a m'dziko la Mexico, kutsidya kwa nyanja yaikuru ya Atlantic, amalandira alendo osaoneka ndi maso. Alendowo ndi abale ao amene anamwalira. Eni dzikolo amati tsiku loyamba kumabwera mizimu ya ana, ndipo tsiku laciwiri kumabwera ya akuru-akuru. Mwambowu amaucha Día de Muertos, ndiko kunena kuti Tsiku la Akufa.

M'nyumba amakonza thebulo lochedwa ofrenda. Pamenepo amaikapo zithunzi za womwalirayo, makandulo, mcere, lubani, cakudya cimene iye ankacikonda ali moyo, ndiponso madzi akumwa, popeza wa paulendo amafika ndi ludzu. Amaikaponso mkate wa tsikulo ndi tizigaza ta shuga tolembedwa dzina pamphumi. Maluwa acikasu ochedwa cempasúchil amawayala pansi kucokera pakhomo kukafika pathebulo kuti mzimu usasocere njira. Pa cisumbu ca Janitzio m'nyanja ya Pátzcuaro, ndi ku Mixquic m'mphepete mwa mzinda wa Mexico City, mabanja amacezera kumanda, makandulo ali ngwee.

Mwambowu unabadwa pa kukumana kwa zipembedzo ziwiri. Mitundu ya eni nthaka, monga Aaztec, inali ndi madyerero ace okumbukira akufa. Anthu a ku Spain atagonjetsa mzinda wa Tenochtitlan mu 1521, ansembe ao anabweretsa tsiku la Oyera Onse ndi tsiku lopempherera akufa, masiku omwewo amene Akatolika a m'Zambia amasunga. M'madera ambiri a ku Mexico nyengoyo ndi yokolola cimanga, motero akufa amaitanidwa kudzalawa zatsopano. Mu 2008 bungwe la UNESCO linalemba mwambowu m'kaundula wa cuma ca cikhalidwe ca anthu onse, caka comweco cimene linalembamo Gule Wamkuru wa Acewa.

Tsono mwana wa zaka zisanu, amene agogo ace anatsikira kuli cete iye asanadziwe kulankhula, angamve bwanji nkhani yotere osagwidwa ndi mantha? Njira imodzi imene aphunzitsi ndi ocita masewero amatsata masiku ano ndiyo sewero la zithunzi-thunzi. Sewero lotere siliri mbali ya mwambo wakale wa tsikuli. Kwao kweni-kweni ndi ku maiko monga China, Indonesia ndi Turkey, kumene zidole zace amazisema pa zikopa. Koma ku Mexico linapeza zinthu ziwiri zimene zinalilandira ndi manja awiri.

Coyamba ndi luso loboola mapepala, lochedwa papel picado. Amisiri, maka-maka a m'mudzi wa San Salvador Huixcolotla ku Puebla, amasanjikiza mapepala opyapyala ambiri, nawaboola ndi tizitsulo takuthwa kufikira patatuluka maluwa, mbalame ndi mafupa a anthu. Mapepalawo amawapacika pamwamba pa thebulo la akufa, ndiye kuti mwana amakula akuona zithunzi zopangidwa ndi zibowo. Caciwiri ndi nchito ya José Guadalupe Posada, wojambula wobadwira ku Aguascalientes mu 1852, amene anamwalira ali mmphawi mu 1913. Iyeyu ankajambula mafupa a anthu akubvina, akumwa, ena akupalasa njinga. Cithunzi cace cochuka ndi cigaza ca mkazi cobvala cisoti cacikuru ca nthenga, conyoza anthu onyadira za Azungu. Mu 1947 Diego Rivera anamjambulanso mkaziyo pakhoma ali ciriri ndi diresi lalitali, ndipo lero amadziwika kuti La Catrina. Cifukwa ca zithunzi zimenezi, mafupa ku Mexico amaseketsa koposa kuopsya.

Kacitidwe ka seweroli ndi kosabvuta. Amakunga nsalu yoyera, naika nyale kumbuyo kwace, oonerera nakhala kutsogolo mumdima. Ana amadula zidole pa makatoni ndi kuzimangirira pa timitengo. Cidole cikayandikira nsalu, cithunzi-thunzi cace cimacepa ndi kuoneka bwino lomwe. Cikayandikira nyale, cimakula ndi kuzirala m'mbali. Motero mzimu wobwera kucokera kutali umayamba ngati mtambo wosadziwika, ndipo pang'ono ndi pang'ono umasanduka munthu amene banja likumdziwa. Pa maso ndi pakati pa nthiti amaboola kuti kuwala kupyole. Mikono ndi miyendo amailumikiza ndi ulusi, kotero kuti mwana akagwedeza kamtengo, mafupawo amayamba kubvina. Pa zibowo zina amamatapo pepala lacikasu loonekera, ndipo maluwa aja amawala pa nsalu.

Nthano yoti aonetse iripo kale. Aaztec ankakhulupirira kuti munthu wofa imfa wamba amayenda zaka zinai kupita ku Mictlan, dziko la akufa la zigawo 9. Panjira amapyola pakati pa mapiri awiri ogundana, amakumana ndi mphepo yoceka ngati mpeni, ndipo amaoloka mtsinje mothandizidwa ndi galu. Zonsezi zimatheka ndi makatoni: mwana wina amagundanitsa mapiri, wina amayendetsa galu, wina amagwedeza mafunde. Pobwerera, wa paulendoyo angaperekezedwe ndi agulugufe, pakuti ku Michoacán agulugufe ochedwa monarca amafika m'magulu akuru kucokera ku Canada ndi United States pa nyengo yomweyo, ndipo eni dera amati imeneyo ndi mizimu ikubwera kwao.

Phindu lalikuru la seweroli limayamba nyale isanayatsidwe. Cithunzi-thunzi ciribe nkhope, ciribe khungu. Cimadziwika ndi maumbidwe okha. Mwana wofuna kudula cidole ca agogo ace amene anamwalira ayenera kufunsa akuru a pakhomo: kodi anali atali kapena afupi, ankabvala cisoti cotani, ankayenda ndi ndodo kapena ai, m'manja ankakonda kunyamula ciani? Poyankha, amai kapena azakhali amachula dzina la womwalirayo, kumene anabadwira ndi nchito imene ankagwira, mwina ndi kamkhalidwe kace koseketsa. Dzina limene likadaiwalika limalowa m'mutu wa mdzukulu.

Ndiponso cithunzi-thunzi cimanena zoona za akufa popanda kunamiza mwana. Cimaoneka ndipo cimayenda, koma sicigwirika, ndipo nyale ikazima cimacoka. Mwana amazindikira kuti agogo sadzabwerera kudzakhala pamphasa, koma kuti kuwakumbukira ndi kololedwa, ndipo sikuputa tsoka. Cinanso, kamtengo kali m'manja mwace. Cinthu cimene iye mwini wadula ndi kuciyendetsa sicingamulotetse zoopsya usiku.

Miyambo ya maliro imasiyana mtundu ndi mtundu. M'midzi yambiri ya kuno ana aang'ono saloledwa kufika kumanda, ndipo akuru ali ndi zifukwa zao. Palibe cifukwa cotengera madyerero a eni ace, tizigaza ta shuga kapena kucezera kumanda. Koma bvuto limene seweroli limathetsa liri pa khomo liri lonse: ana obadwira m'tauni ndi a kumudzi omwe akukula osadziwa maina a makolo a agogo ao, ndipo nkhalamba zosunga mainawo zikutha. Akale anati m'mera mpoyamba. Nsalu yoyera, katoni yakutha, timitengo ta nsungwi ndi koloboi ndi zokwanira pa nchitoyi, malinga munthu wamkuru akhale pafupi ndi nyaleyo, ndipo iikidwe patali ndi nsalu ndi udzu wa denga. Agogo amene akali moyo akhale pa mpando wa kutsogolo, kuti mdzukulu akalakwitsa dzina kapena mayendedwe a womwalirayo, amuongole pomwepo.