Ku Kanyama sikusowa wogwira khasu

Chaka ndi chaka pabwalo la ndege la Kenneth Kaunda pamatsika achinyamata ochokera ku Ulaya ndi ku America, zikwama kumsana, ati abwera kudzathandiza osauka kulima mosaononga nthaka. Tikiti amadzigulira okha, ena amalipiranso bungwe lowatumiza. Akafika amapatsidwa khasu, n'kujambulidwa akugaula bedi la repu, ndipo pakatha masabata angapo amapita kukaona mathithi ku Livingstone, basi ulendo wakwawo.

Mtima wawo sindikuukayikira. Koma ndani anawauza kuti m'makomboni a Lusaka mukusowa manja? Pitani ku Matero kapena ku George m'mawa wa Lolemba, muwerenge anyamata amene angokhala pamsika kudikira ganyu.

Chimene chikusowa ndi malo ndi madzi. Ku Chawama ndi ku Mtendere pabwalo pamene pakanakhala dimba eninyumba anamangapo kale zipinda za lendi, ndiye mayi amabzala chibwabwa ndi kalembula m'masaka ndi m'matayala akutha. Madzi othirira ndi ogula pampopi, chidebe ndi chidebe. Ku Kanyama n'kovuta koposa. Pansi pake pali thanthwe la laimu lokhala ndi ming'alu, madzi ali pafupi, ndipo zimbudzi zokumba zinayandikana ndi zitsime zosaya. Mvula ikagwa zonse zimasakanikirana. N'chifukwa chake kolera anasautsa kumeneko mu 2017 ndi 2018, n'kubweranso kumapeto kwa 2023, mpaka mu Januwale 2024 bwalo la mpira la National Heroes linasanduka chipatala. Mlendo wa masabata atatu ndi wilibala yake angachitepo chiyani pamenepa? Apa pakufunika ngalande, mapaipi ndi khonsolo yolola anthu kulima pamalo ongokhala.

Nanga nzeru za ulimiwo, kodi n'zochokera kutali? Kunja kwa mzinda, kufupi ndi bwalo la ndege lomwelo, kuli Kasisi Agricultural Training Centre, sukulu ya ulimi imene a Jesuit anatsegula mu 1974. Cha m'ma 1990 anasiya kudalira feteleza ndi mankhwala ogula, n'kuyamba kuphunzitsa manyowa, kompositi ndi kasinthasintha wa mbewu. Alimi ophunzira kumeneko alipo ambiri. Ndalama ya tikiti imodzi yochokera ku London ingalipire mmodzi wa iwo miyezi ingapo kuti aziphunzitsa amayi a ku Kalingalinga m'chinenero chawo. Koma mlimi wotere sakongola pachithunzi chopemphera ndalama, ndiye sawerengedwa.

Si alendo onse ofanana. A Peace Corps, amene ali m'Zambia kuyambira 1994, amakhala zaka ziwiri kumudzi ndipo amaphunzira Chinyanja, Chibemba kapena Chitonga. Woteroyo amaona dzinja ndi chilimwe, amadziwanso kuti mbewu yake inabereka kapena inapserera. Wamasabata atatu amachoka mbande zisanawokeredwe n'komwe.

Chondiwawa kwambiri ndi njira yake, yopita mbali imodzi. Mu Novembala 2022 boma la Zambia linachotsa viza kwa nzika za Britain, America ndi mayiko a European Union. Iwo amangolowa, ife n'kuwalandira ndi nsima. Koma mu Ogasiti 2025, America inayamba kufuna chikole chofika madola 15,000 kwa Mzambia kapena Mmalawi wofuna viza yokacheza. Mtsikana wa ku Chawama amene anakolola tomato m'saka chilala cha 2024 chili pakati ali ndi zambiri zoti akaphunzitse pafamu ya ku Oregon, koma pakhomo pomwe sangafikepo.

Choncho bungwe lililonse lobweretsa ongodziperekawa litiwonetse mabuku ake: mlendo walipira zingati, ndipo zatsala m'komboni ndi zingati. Likabweretsa mmodzi, litumizenso kunja mwana mmodzi wa ku Kanyama, viza ndi tikiti lilipire lokha.