Msonkho wa Mabanja Otalikirana ku America

Chaka chilichonse, pofika pa 15 Epulo, anthu ogwira ntchito m'dziko la United States amapereka chikalata cha msonkho, chotchedwa Form 1040, ku bungwe lotolera msonkho la Internal Revenue Service. Chikalatacho chisanafike pa za ndalama chimayamba chafunsa za banja. Kwa mwamuna ndi mkazi okhalira limodzi funsoli silivuta. Koma kwa amene anatalikirana popanda kusudzulana kubwalo, yankho lake lingathe kupulumutsa kapena kutayitsa ndalama zambiri.

Lamulo limayang'ana tsiku limodzi lokha, la 31 Disembala. Ngati patsikulo bwalo la milandu linali lisanathetse ukwatiwo, kapena kugamula kuti aŵiriwo apatukane, boma limaŵerenga kuti ali pabanja chaka chonsecho, ngakhale atakhala kuti sanalonjerane chiyambire Januwale.

Njira yotchipa kaŵirikaŵiri ndiyo yodzaza chikalata chimodzi pamodzi, imene inakhazikika m'chaka cha 1948. Pa msonkho wa chaka cha 2024, banja lotere linachotseredwa madola 29,200 asanayambe kuŵerengera msonkho, ndipo phindu limakula ngati mmodzi amalandira zambiri kuposa mnzake. Koma mtengo wake uli pa kusaina. Aliyense wosaina amasenza ngongole yonse ya pachikalatapo, osati theka ayi. Mwamuna akabisa ndalama za bizinesi yake, boma lingathe kulipiritsa mkaziyo msonkho wonse pamodzi ndi chindapusa ndi chiwongoladzanja, ngakhale ukwati utatha kale. Nanga mkazi wokhala mumzinda wina angadziŵe bwanji zimene zaloŵa m'thumba la mwamuna amene sanamuone kwa miyezi khumi? Chitetezo cha wosalakwa chilipo kuyambira 1971, ndipo chinakulitsidwa mu 1998. Komabe wodandaulayo ndiye ayenera kutsimikizira boma kuti sanadziŵe kanthu, ndipo imeneyi si ntchito ya tsiku limodzi.

Wodzaza chikalata payekha, ali pabanja ndithu, amayankha za iye mwini basi. Mu 2024 anachotseredwa madola 14,600, theka lenileni la ndalama zija, kotero kuti pamenepa palibe chotayika. Kutaya kumabwera pena: chithandizo cha pa fizi ya kukoleji sachipeza, ndiponso ngati mnzakeyo wasankha kutchula zochotsera zake chimodzichimodzi, nayenso akakamizika kutero, ngakhale alibe chotchula.

Pakati pa njira ziŵirizi pali ya mutu wa banja, imene inayamba mu 1951. Mu 1969 inatsegulidwanso kwa anthu osiyidwa ndi ana ukwati usanathe. Wotere anachotseredwa madola 21,900 mu 2024, kuposa wodzaza payekha ndi madola 7,300, ndipo sasenza ngongole ya wina. Koma khomo lake n'lopapatiza. Ayenera kukhala kuti analipira koposa theka la zofunika panyumbapo, kuti mwana wake anakhalapo koposa theka la chaka, ndiponso kuti mwamuna kapena mkazi wakeyo sanakhale m'nyumbamo m'miyezi 6 yomaliza ya chaka. Apa ndipo pali nkhanza ya kalendala. Mayi amene mwamuna wake anachoka mu Juni aloŵa pakhomopo. Amene anapirira mpaka Ogasiti, poyesa kumanga banja, atsala kunja. Ndiponso kuchokapo kwa kanthaŵi, monga kwa ntchito, sukulu, matenda kapena usilikali, lamulo silikuyesa kutalikirana konse.

Nkhaniyi imakhudzanso Mmalaŵi wogwira ntchito ku America amene mkazi wake anatsala kumudzi. Popeza mkaziyo si nzika kapena wokhala m'dzikolo, mwamunayo angathe kuyesedwa mutu wa banja, koma pokhapokha ngati ali ndi wina womudalira amene lamulo limamuvomereza, monga mwana wokhala naye konko. Mkaziyo saŵerengedwa, ndipo ana okhala ku Dedza kapena ku Mulanje saŵerengedwanso, ngakhale bambo wawo atumize ndalama mwezi ndi mwezi. Aŵiriwo angasankhe kudzaza pamodzi, koma akatero zonse zimene mkaziyo amapeza kuno ziyenera kulembedwa pachikalata cha ku America.

Pali chinthu chimodzi chimene wokayika ayenera kuchidziŵa asanagwire cholembera. Amene anadzaza payekhapayekha ali ndi zaka 3 zoti asinthe maganizo ndi kudzaza pamodzi, ndipo ndalama zimene analipira mopitirira zimabwezedwa. Amene anasaina pamodzi sangathenso kupatula chikalatacho tsiku lomaliza loperekera likadutsa.