Tulo Tobisa Ngozi: Ana ndi Mankhwala Ogonetsa

Mwana akamwa palafini, nyumba yonse imadziŵa msanga chifukwa cha fungo ndi kutsokomola. Koma akameza mapiritsi ogonetsa, amangoyamba kusinza, ndipo amayi ake amamfunditsa nsalu poganiza kuti watopa ndi maseŵera. Apa ndiye pagona ngozi ya mankhwala ameneŵa.

Aŵiri mwa mankhwala otere amapezeka m'makomo mwathu. Phenobarbitone, amene anayamba kuperekedwa kwa odwala khunyu m'chaka cha 1912, akuthandizabe anthu ambiri m'zipatala zathu. Diazepam, amene kampani ya Roche inayamba kugulitsa m'chaka cha 1963 pa dzina lakuti Valium, amapatsidwa kwa ovutika ndi nkhaŵa. Onse aŵiri amafooketsa ntchito ya ubongo. Muyeso wa munthu wamkulu ukaloŵa m'thupi la mwana wa zaka ziŵiri, mwanayo amadzandira ngati woledzera, lilime limalemera, ndipo mapiritsi akachuluka, makamaka a phenobarbitone, kupuma kumachepa mpaka kulekeratu.

Maiko ena anachitapo kanthu kalekale. Ku Canada, m'chaka cha 1967, Dr Henri Breault anathandiza kupanga chivindikiro cha botolo chovuta kuti mwana atsegule, ndipo dziko la America linakhazikitsa lamulo la zivindikiro zotere m'chaka cha 1970. Kuno kwathu mapiritsi timalandira kaŵirikaŵiri m'timatumba tapulasitiki timene mwana angang'ambe ndi mano. Kodi nanga chivindikiro chathu nchiyani? Ndife akuluakulu amene.

Inu amene mwatsiriza sukulu ndinu amene mumaŵerengera agogo malangizo a pa kathumba. Onetsetsaninso kuti kathumbako sikakugona kunsi kwa pilo kapena pa mfundo ya chitenje, koma m'sutikesi yokhoma. Aphunzitsi akumbutse makolo kuti kunyengerera mwana ponena kuti mankhwala ndi maswiti nkumutchera msampha.

Mukapeza kathumba kong'ambika, mwana ali m'tulo tosadzutsika, musadikire kuti kuche. Musamsanzitse kapena kummwetsa mkaka, pakuti angatsamwe. Mgonekeni cham'mbali, nyamulani kathumbako kuti adokotala adziŵe chimene wameza, ndipo fulumirani kuchipatala usiku womwewo. Walira mvula walira matope: mankhwala ochiza agogo tiwalandire, koma udindo wowasunga tiusenzenso.