Wodwala Si Waulesi

Mwezi uno tiri nao mlandu umene tifuna kuutula pamaso panu. Ulipo mcitidwe woipa pakati pa anthu, wakuti munthu akadwala nthenda yosaoneka ndi maso, yopanda cironda kapena cotupa, anzace afulumira kumweruza kuti ndi waulesi. Mcitidwe umenewu suli m'midzi mwathu mokha. Ngakhale madotolo ophunzira a maiko akutari anacimwa momwemo zaka zambiri. Tinena za nthenda imene Angerezi aicha myalgic encephalomyelitis, mwacidule ME, ndipo ena aicha chronic fatigue syndrome, ndiko kuti kutopa kosatha.

Dzina lakuti kutopa lanyenga ambiri. Munthu wolima tsiku lonse atopa, nagona, nadzuka m'mawa ali ndi mphamvu. Wodwala nthendayi satero ai. Tulo sitimtsitsimutsa, mutu ndi minofu zimpweteka, nzeru zace zicita mdima, ndipo akaimirira acita cizungulire. Cizindikiro cace cacikuru ndi ici: akadzikakamiza kugwira kanchito kakang'ono, monga kusesa pabwalo kapena kutunga madzi, nthenda ikula mawa lace kapena mkuja, nimgoneka masiku ambiri. Kawirikawiri iyamba munthu atadwala nthenda ina ya tizirombo. Igwira akazi koposa amuna. Ndipo mmodzi mwa odwala anai sakhoza kuturuka m'nyumba. Mankhwala akuiciritsa sanapezeke kufikira lero.

Tsono imvani umo anawacitira. M'caka ca 1955 anchito 292 a cipatala ca Royal Free ku London anadwala, ndipo cipatalaco cinatsekedwa miyezi iwiri ndi masiku. Dotolo Melvin Ramsay, amene anawaona ndi maso ace, anacitira umboni moyo wace wonse kuti inali nthenda ya m'thupi. M'caka ca 1969 bungwe la World Health Organization linailemba m'gulu la nthenda za ubongo ndi mitsempha. Koma m'caka ca 1970 madotolo awiri, McEvedy ndi Beard, osapima wodwala ndi mmodzi yemwe, anawerenga makalata akale a cipatalaco, nalemba kuti anthu aja anangopatsirana mantha. Ndipo cimodzi mwa zifukwa zao cinali cakuti ambiri a iwo anali akazi. Mau opepuka amenewa analemera koposa umboni wa odwala, ndipo ambiri anabwezedwa kwao osathandizidwa.

M'caka ca 2011 ophunzira ena a ku Britain analengeza za mayeso ao ochedwa PACE, amene anacita pa odwala 641 ndi ndarama monga mapaundi 5,000,000, nati odwala athandizidwa akaonjeza kuyenda pang'onopang'ono ndi kulangizidwa za maganizo ao. Pambuyo pace anati 22 mwa 100 anacira. Odwala ambiri anakana, nati kuyendako kuwapweteka. Mmodzi wa iwo, Alem Matthees wa ku Australia, ali cidwalire, anapempha kuona ziwerengero zenizeni. Anamkaniza, koma m'caka ca 2016 bwalo la milandu linalamula kuti ziperekedwe. Muyeso wa kucira unali utacepetsedwa mayeso atayamba kale, ndipo pamenepo kunaoneka kuti poyesa ndi muyeso woyamba, ocira sanapose 7 mwa 100. Caka comweco odwala amene analibe mphamvu yakupita kukadandaula anatumiza nsapato zao, ndipo zinandandalikidwa pamabwalo a mizinda monga London ndi Washington, kuti akuru aone kucuruka kwa anthu osoweka pa nchito ndi m'masukulu.

Khama lao silinapite pacabe. Bungwe la Institute of Medicine ku America linanena m'caka ca 2015 kuti iyi ndi nthenda yoopsa ya m'thupi, ndi kuti odwala m'dzikomo anali pakati pa 836,000 ndi 2,500,000. M'caka ca 2021 bungwe la NICE, lolangiza madotolo a ku England, linaleka cilangizo cakuonjeza kuyenda cija. M'caka ca 2025 ophunzira a ku Edinburgh, atapima cibadwa ca odwala oposa 15,000, anapeza malo 8 m'cibadwaco amene odwala asiyana ndi anthu ena.

Kapena wina adzati, Zimenezo nza Azungu. Ife tiri ndi malungo ndi cifuwa cacikuru. Timyankha kuti nthenda sifunsa mtundu, ndipo ciyambire 2020 ena odwala Covid m'maiko ambiri atsala ndi zizindikiro zomwezi. Wina adzati, Nanga aulesi kulibe? Alipo ndithu, koma waulesi athawa khasu nathamangira kumowa, pamene wodwala uyu alephera ngakhale zimene azikonda, nalira pakumva ng'oma ya mapemphero osakhoza kupitako. Akuru anati, Ciri kwa mnzako umati cigwire nyanga. Kumbukirani abwenzi a Yobu, amene anadza kudzamtonthoza koma anatsiriza ndi kumneneza. Mulungu sanakondwera nao.

Cifukwa cace tipempha zinthu zitatu. Coyamba, wofoka miyezi yambiri mupite naye kucipatala, kuti ampime malungo, cifuwa cacikuru, HIV, shuga ndi kucepa kwa mwazi, pakuti zimenezi ziri ndi mankhwala. Koma dotolo akapanda kupeza kanthu, musati kanthu palibe, ndipo musathamangire kuombeza ula ndi kuloza nkhalamba cala. Caciwiri, musamkakamize nchito yoposa mphamvu yace, kapena kumuuza kuti cikhulupiriro cace ncocepa. Mlekeni apumule asanagwe; amai a Cigwirizano amtungire madzi, anyamata amlimire munda, ndi akuru a mpingo amcezere mwacidule ndi mau apansi, popeza phokoso ndi kuwala zisautsa odwala kwambiri. Cacitatu, tipempha maboma ndi masukulu a madotolo kuti aphunzitse za nthendayi, ndi kupereka ndarama zakufufuza ciyambi cace molingana ndi kukula kwa tsokali.

Tsiku la 12 May, tsiku lakubadwa Florence Nightingale, amene iyenso anagona cidwalire zaka zambiri, odwala nthendayi akumbukiridwa m'maiko ambiri. Ifenso tiwachule m'mapemphero athu, ndipo wodwala akatiuza za thupi lace, timkhulupirire.