Tinjira ta m'nkhalango: Okapuma ndi odula mitengo akumana panjira imodzi

Kwa zaka zambiri, kukwera phiri popanda chokatenga kunkaoneka ngati khalidwe la alendo ochokera kunja. Mmalawi ankalowa m'nkhalango kukatola nkhuni, kuzula bowa kapena kukumba mankhwala. Lero zinthu zasintha. Kumapeto kwa sabata, magulu a achinyamata, ogwira ntchito m'maofesi ndi a m'mipingo amaoneka m'tinjira ta m'mapiri a Mulanje, Zomba ndi Michiru, botolo la madzi kumanja, chikwama kumsana.

Zifukwa zake n'zosabisika. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi afala m'matauni, ndipo achipatala amalangiza anthu kuti azilimbitsa thupi. Ulendo wa tsiku limodzi kuphiri sulira ndalama zambiri ngati kukagona kunyanja. Ena amafuna bata lomwe tauni ilibe, ena amapita kukapemphera, pomwe zithunzi za pa Facebook ndi WhatsApp zimakopa anzawo kuti nawonso akadzionere okha.

Aliyense amasankha njira molingana ndi mphamvu zake. Ku Mulanje, ongoyamba kumene amayenda kuchokera pa Likhubula kukafika pa Dziwe la Nkhalamba n'kubwerera tsiku lomwelo. Ozolowera amagona m'tinyumba ta paphiri monga Chambe, Lichenya ndi Chisepo, asanalimbane ndi nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002. Ku Zomba, tinjira timafikitsa munthu pamathithi a Williams ndi pa Dzenje la Chingwe.

Komabe tinjira tomweti ndi tomwe matabwa ndi matumba a makala amatsikira. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lino womwe mwachilengedwe umamera paphiri lokhalo, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha kudula mozemba komanso moto wolusa. Lamulo la nkhalango lidakhwimitsidwa mu 2020, koma chilango pachokha sichichotsa umphawi womwe umatumiza munthu kuphiri ndi nkhwangwa. Ndipo makalawo ogula ake ambiri ndi anthu a m'tauni omwewo amene Loweruka amadandaula kuti phiri layera.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Mlendo akalipira womulondolera njira ndi womunyamulira katundu, akagula nthochi ndi chinanazi kwa amayi a m'munsi mwa phiri, mtengo woimirira umayamba kupindulitsa mudzi kuposa wogwetsedwa. Koma gulu likabwera ndi zakudya zake zonse, n'kukana wolondolera pofuna kupulumutsa ndalama, mudzi umangotsala ndi mabotolo otayidwa. Kukana wolondolera n'kuikanso moyo pachiswe, pakuti chifunga cha ku Mulanje chimatsika mwadzidzidzi ndipo alendo ena adatayapo miyoyo atasochera.

Mu July 2025, bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo ofunika kwambiri padziko lonse, zomwe zingachulukitse alendo. Funso lomwe nthambi ya zankhalango ndi mabungwe monga Mulanje Mountain Conservation Trust akuyenera kuliyankha ndi lakuti: pa ndalama zomwe alendo amasiya, ndi zingati zikukonza tinjira ndi kufika m'midzi yozungulira? Yankho likapanda kuoneka m'thumba mwa anthu a kumudzi, nkhwangwa ipitiriza kulira, ndipo okapuma adzayenda padzuwa m'tinjira topanda mthunzi.