Mbiri ya ku Mbombwe Iyenera Kujambulidwa

Anthu a ku Scotland, amene makolo awo anakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, aona chodabwitsa kuyambira 2014, pamene sewero la pa kanema la Outlander, lokhudza mbiri yawo, linayamba kuonetsedwa: alendo ochokera kumalekezero a dziko lapansi akukhamukira ku linga lakale la Doune, kumene mbali ina ya seweroli inajambulidwa, ndi ku chidikha cha Culloden, kumene ankhondo a Charles Edward Stuart anagonjetsedwa mu 1746, kukafunafuna miyala ya pamanda a mafuko.

Ife a kwa Mpama, akulu anatiuza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, komabe mbiri yathu tikuilekerera, ndipo mtima umandiwawa. M'boma lino la Chiradzulu, ku Mbombwe, Mbusa John Chilembwe anatsegula Providence Industrial Mission mu 1900. Ndipo ataona thangata likusautsa anthu m'minda ya ku Magomero, ya A. L. Bruce, mdzukulu wa David Livingstone, ataonanso ana a dziko lino akutengedwa kukafera nkhondo ya eni, anaukira atsamunda pa 23 January 1915. Asilikali anaphulitsa tchalitchi chake cha njerwa, ndipo mishoniyo inakhala bwinja kufikira Dr Daniel Malekebu anaitsegulanso mu 1926.

Kodi nkhani yotere siyenera sewero lojambulidwa m'malo ake enieni, m'chinenero chathu? Akatswiri a kanema abwere, akhale pansi ndi mafumu pamodzi ndi akulu a mpingo, ndipo anyamata ndi atsikana athu aphunzitsidwe kutsogolera alendo chaka chonse, osati pa 15 January pokha, tsiku lokumbukira Chilembwe.