Tiramisu, Cakudya Cosafuna Moto Koma Cisanu

Mwezi uno tiyeni tilowe m'khichini. Mwana wanga wamkazi anabwerako ku ukwati ku Kabulonga ali kutama cakudya cina cotsekemera cimene anadya kumeneko. Iye anati: "Atate, dzina lace ndi tiramisu, ndipo saika pamoto ai." Ine ndinaseka, pakuti cibadwire ndinadziwa kuti cakudya cimapsa pa mbaula. Koma safunsa anadya phula. Cotero ndinafunsa, ndinayesa, ndinalephera, ndi kuyesanso. Zimene ndinaphunzira ndi izi.

Tiramisu kwao ndi ku Italy, ndipo dzinalo litanthauza kuti "ndidzutse", cifukwa ca khofi amene amathiramo. Ambiri anena kuti anayamba mu mzinda wa Treviso, pa nyumba yodyera yochedwa Le Beccherie, imene inayamba kugulitsa cakudyaci mu 1972, ngakhale kuti anthu a cigawo ca Friuli atsutsa, ati mwambowu ngwao. Weniweni amapangidwa ndi mabisiketi atali onga cala, khofi, mazira aawisi, shuga, ufa wa koko, ndi mascarpone, ndiye kirimu wolimbitsidwa. Amene ndifotokoze pano ndi mdzukulu wace: alibe khofi, alibe mazira aawisi, motero ana angadye mopanda nkhawa. M'malo mwace muli cokoleti coyera ndi zipatso.

Cokoleti coyera ciribe ufa wakuda wa koko. Ndi mafuta a koko osakaniza ndi mkaka ndi shuga. N'cifukwa cace citsekemera kwambiri, ndipo cifuna bwenzi lowawasa. Azungu amaikamo raspberry, kacipatso kofiira ka kumaiko ozizira. Kuyambira mu 1995, pamene Shoprite inatsegula sitolo mu mseu wa Cairo, zakudya zakunja zinayamba kucuruka mu Lusaka, ndipo lero m'masitolo akulu a ku Woodlands ndi ku Kabulonga munthu angapeze raspberry woumitsidwa ndi cisanu. Koma mtengo wace ngwoopsa. Nanga tivutikirenji, pamene m'mayadi ambiri ku Kabwata ndi ku Chelstone muli mitengo ya malubeni imene imadetsa milomo ya ana m'miyezi ya September ndi October? Malubeni ndi madzi a ndimu pang'ono agwira nchito yomweyo.

Zofunika pa anthu asanu ndi atatu ndi izi: paketi ya mabisiketi a Boudoir ya magalamu 200, mascarpone magalamu 250, kirimu wa mkaka mamililita 300, cokoleti coyera magalamu 150, zipatso makapu awiri, shuga masupuni akulu awiri, ndi ndimu limodzi. Mascarpone akasowa, pangani nokha dzulo lace. Tenthetsani kirimu wina theka la lita kufikira atayandikira kuwira, koma asawire. Thirani supuni yaikulu ya madzi a ndimu, takasani pang'ono, ndipo akazizira mumkhuthulire pa nsalu yoyera yoyala pa sefa, agone m'firiji. M'mawa mudzampeza atalimba.

Yambani ndi zipatso. Theka lace muphike mphindi zisanu pamodzi ndi shuga, madzi a ndimu ndi theka la kapu ya madzi. Sefani, ndi kuleka msuziwo uzizire. Kenaka nyemani cokoleti m'mbale, thiranimo kirimu pang'ono, ndi kuika mbaleyo pamwamba pa poto wa madzi otentha. Musaike cokoleti coyera pamoto mwacindunji, cifukwa cipserera msanga kuposa cakuda, ndipo cikagwa mibulu sicibwereranso. Cikasungunuka, cizizire. Menyani kirimu wotsalayo, ali wozizira, mpaka aime pa supuni. Sakanizani mascarpone ndi cokoleti, ndipo potsiriza onjezani kirimu womenyayo ndi dzanja lofatsa, monga wonyamula khanda.

Tsopano mangani ngati nyumba ya njerwa. Viikani bisiketi iriyonse mu msuzi wa zipatso ndi kuicotsa nthawi yomweyo. Yalani mzere wa mabisiketi m'mbale yakuya, pakanipo theka la kirimu, wazanipo zipatso, bwerezaninso kaciwiri. Vundikirani, ndi kuika m'firiji maola osacepera asanu ndi limodzi, makamaka usiku wonse. Pamenepa mpamene cakudyaci "cipsa": mabisiketi amwa cinyezi, ndipo mafuta a koko alimbitsa kirimu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiulule kulephera kwanga. Ndinayesa koyamba mu 2024, caka ca cilala, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku lililonse. Coyamba, ndinaviika mabisiketi nthawi yaitali, nasanduka phala. Caciwiri, ndinaika mbale m'firiji madzulo, magetsi nazima usiku wonse. M'mawa adzukulu anali ataima pa khomo ndi masupuni m'manja. Amai a kunyumba ananunkhiza, nati: "Atate ace a ana, ndalama zapita kale, musaonjezepo za kucipatala." Tinataya zonse. Mtima unawawa, koma ananena zoona. Firiji yotseka isunga cisanu maola anai okha magetsi atazima, ndipo kirimu wofunda abala tizilombo totsegula m'mimba, ngakhale pamene fungo lisanasinthe. Ana aang'ono, amai apakati ndi okalamba ndiwo ayamba kuvutika.

Cotero, musanapite ku tauni kukagula zinthu zodula zotere, yambani mwafunsa za firiji yanu. Ngati kwanu magetsi ndi osadalirika, pemphani malo kwa mnansi amene ali ndi sola, ndipo pomthokoza mumpatseko gawo lace. Cakudyaci cituruke m'firiji pa nthawi yodya, cotsala cibwererenso msanga, ndipo cithe m'masiku awiri.

Ulendo waciwiri ndinapanga pa Cisanu, ndi malubeni a pa mtengo wa kuseri kwa nyumba, ndipo tinadya pa Ciweru masana. Mwana wanga anati raspberry wa ku Kabulonga sanaposepo. Kaya ananena pofuna kukondweretsa atate ace, kaya. Koma mbale inabwerera yoyera.